Zitsa za Tiyi za Bambo a Gwen

Kitwe,
Northern Rhodesia.
23 Novembala, 1958.

Okondedwa achimwene a Reuben,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Muli bwanji kumeneko ku Thyolo, inu ndi alamu anga ndi ana? Nanga amayi, mwendo uja unaleka kutupa? Kalata yanu ya mu Ogasiti ndinalandira, ndipo ndikudziwa kuti mwakhala mukudabwa kuti mlongo wanu wangoti zii bwanji miyezi yonseyi. Musandikwiyire. Pepala ndinaligwira kangapo, koma ndikangomaliza moni dzanja limakana kupitirira. Ine m'thupi ndili bwino. Alamu anu ndiwo sali bwino, ndipo lero ndikuuzani zonse monga zilili.

Pa 9 Julaye bambo a Gwen anavulala pansi pa mgodi. Bomba lophwanyira miyala limene linatsala m'dzenje lisanaphulike linaphulika iwo akubowola pafupi. Timiyala tinawalowa kumaso. Anagona m'chipatala milungu isanu ndi inayi. Diso lamanja analichotsa. Lamanzere lilipo, koma limangosiyanitsa mdima ndi kuwala. Ine ndikaima patsogolo pawo amati akuona chinthu chakuda m'nkhungu. Chovuta kwambiri n'chakuti dzuwa likawala, disolo limawawa ngati athiramo tsabola, misozi n'kumangoyenderera.

Madokotala akuti adzawapimanso mu Febuluwale. Disolo likadzapenyako pang'ono adzawapatsa ntchito yopepuka ya pamwamba. Likadzapanda kutero atikweza sitima ya kumudzi, ndipo nyumba ino tidzaituluka, chifukwa kuno m'komboni nyumba imayendera ntchito. Ndiye tikungokhala modikira.

Atatuluka m'chipatala sanathe kukhala pakhonde, chifukwa khonde lathu linayang'ana kumene dzuwa limatulukira. M'nyumbamo masana malata amatentha ngati uvuni. Malo amene anawayanja ndi amodzi okha, kuseri kwa khitchini, pakona pamene khoma lathu limakumana ndi mtengo wa mango. Pamenepo dzuwa silifika tsiku lonse, mwina kadontho chabe chakumadzulo. Ndinawaikira mpando pomwepo. Ankakhala bwino ndithu, akumvetsera anthu odutsa, nthawi zina n'kumaimba nyimbo za m'buku chapansipansi. Koma kuchokera pampandopo, mapazi anayi okha, pali ngalande ya simenti yotengera madzi a mvula a mzere wathu wonse. Kuya kwake imandifika m'chiuno.

Chakumapeto kwa mwezi watha ndinapita kumpope, ndipo mzere unali wautali. Pobwera ndinapeza mpando uli chagada, iwo palibe. Ndinaitana, osayankha. Ndinalowa m'nyumba, ndinasuzumira kuchimbudzi, ndinathamangira kumsewu. Kenaka ndinawapeza m'ngalandemo atakhala m'matope, msana atatsamira simenti, magazi akutsika pamsongolo, magalasi awo akuda atasweka. Nthawi yonse imene ndinkaitana ankandimva. Nditawafunsa chifukwa chimene anakhalira chete, anati sanafune kuti akazi a mzere wonse abwere kudzaonerera mwamuna akuvuulidwa m'ngalande ngati mbuzi.

Tsiku limenelo madzi anali olekeza m'akakolo. Koma mvula ya kuno ikagwa yeniyeni ngalandeyo imadzaza mpaka pakamwa, n'kukokolola nkhuku ndi mabeseni omwe, ndipo mvulayo ndi imene yayambayi.

Chigwereni chimenecho anakana kutulukanso panja. Ankangokhala pabedi atayang'ana kukhoma, chakudya n'kungochilawa. Tsiku lina ndikuwatsuka bala lija anayankhula ngati akuyankhula okha, anati madzi akanakhala ambiri tsiku lija bwenzi ine Esme nditapumula. Achimwene, mawu amenewa sandichoka m'mutu. Lumo lawo lometera ndinakalisungitsa kwa mnzanga woyandikana naye nyumba, ndipo kumpope ndimapita mothamanga.

Ndinaganiza zotchinga ngalandeyo. Ndinakadula mitengo kutchire la kuseri kwa komboni n'kuzika kampanda kafupi. Sikanagone masiku awiri. Kapitawo wa m'komboni anabwera ndi apolisi awiri n'kukazula. Anati chiyambireni misonkhano yokana Chitaganya, ofesi safuna mpanda wa mitengo, wa udzu kapena wa malata, chifukwa apolisi ayenera kumaona kuseri kwa nyumba iliyonse. Chololedwa ndi mpanda wa zitsamba zobzala, ndipo usapitirire m'chiuno mwa munthu. Ndinamufotokozera za alamu anu, anati lamulo si lake. Koma pochoka anatsalira pambuyo n'kundinong'oneza m'Chibemba kuti chingwe choyanikira zovala palibe anachiletsa. Ndiye ndinamanga chingwe kuchokera pachitseko cha khitchini kufika pamango paja, kuti munthu atha kuyenda atachigwira. Koma chingwe sichingamugwire munthu akaterereka.

Apa ndiye panayambira kusauka kwanga ndi zitsamba. Inu amene mwakhala zaka zonsezi mukusamala nazale ya pa esiteti mundiseka, chifukwa ine ndinkayesa kuti chomera ndi chomera, ukachizika chimera. Ndinakhala pansi n'kuganiza chimene ndikufuna. Chikhale chachifupi, chothithikana kuyambira pansi, choti munthu akachigunda ndi mwendo chimubweze. Chisakhale ndi minga, poti adzachipapasa ndi manja. Ndipo chilole kukhala mumthunzi, pansi pa mango, pamene ngakhale udzu umakana.

Bana Mulenga, mnzanga wa Chibemba uja ndasungitsako lumo, ndi munthu wamtima wabwino. Atamva anabwera ndi mtolo wa nkhadze pamutu, anati imeneyi imagwira msanga ndipo mbuzi siidya. Nkhadze, pafupi ndi munthu wa diso limodzi, amene akapapasa chinthu amapukuta misozi ndi dzanja lomwelo! Ndinathokoza, iye atapita ndinakaitaya kudzala. Mwatsoka anaiona. Mlungu wathunthu sanandipatse moni, n'kumauza anzake kumpope kuti Anyasa ndi odzikuza. Ndinachita kupita kwake n'kuthyola kanthambi pamaso pake, mkaka uja n'kudontha, ine n'kuloza diso langa. Anagwira pakamwa, n'kulira ndi kulira. Tsopano tinayanjana.

Ena anandiuza za maluwa aja amayanga pamipanda, ofiira, koma minga yake inu mukuidziwa. Ena anati ndibzale aja timati maluwa a belu, amene ali pamipanda yambiri kuno. Amenewo ndinawayesa kale chaka chatha pakona pomwepo, tisanaone vutoli. Anangotalika ngati bango pofuna dzuwa, pansi pali mbee, mwana atha kudutsapo osawerama. Mkulu wina wa mpingo anati ndizike chinangwa. Ndinangovomera mwaulemu.

Ndiye Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, amayi ena a Mvano anandiuza za mlongo wawo, a Festus Namalomba a kwa Mabuka, amene amagwira ntchito ya m'maluwa kwa mzungu wa njanji ku Itawa, ku Ndola. Anati munthu ameneyo zomera amazidziwa ngati ana ake. Anamutumizira mawu, iye n'kuyankha kuti ndipite Lachinayi m'mawa, poti tsiku limenelo dona amapita kukasewera ndi anzake mpaka masana. Alamu anu ndinawasiya ndi a Absalom Likaka, mnzawo wa kuntchito uja munamuona chaka chimene tinabwera kutchuthi. Ndinakwera basi ya 6 koloko.

Ku Itawa munthu wakuda wopanda yunifolomu ya ntchito amaonekera patali. Ndinalowera kanjira ka kuseri kamene amadutsa otaya zinyalala. A Festus ndi bambo wachikulire, wosayankhulayankhula. Anamvetsera nkhani yanga yonse atatsamira khasu, osandidula. Kenaka ananditengera kumbali ya nyumba yoyang'ana kummwera, anati kumeneko ndiko dzuwa limaperewera, ndipo chimene chikukondwa kumeneko chikhozanso kukondwa kwa ine.

Mayina a zomerazo anatchula a Chizungu, ine sindinawasunge. Choyamba chinali cha maluwa aakulu ngati mutu wa kabichi, abuluu. Chinandikongolera, koma iwo anapukusa mutu. Anati chimamwa madzi ngati ng'ombe, ndipo nyengo yozizira chimayoyola masamba n'kutsala timitengo tophweka. China chinali cha masamba amawangamawanga, ofiira ndi achikasu, chothithikana bwino. Ndinabudula tsamba limodzi, panatuluka utomoni. Ndinachisiya. Kuyambira pamenepo chitsamba chilichonse ndinkachiyesa kawiri: ndibudule tsamba ndione ngati muli mkaka, kenaka nditsinzine n'kulowetsamo mkono wonse, ndimve ngati chingabaye kapena kuthyoka.

Chimene tinagwirizana ndi chitsamba china chofika m'chiuno, cha masamba obiriwira kwambiri, chopanda minga ndi mkaka. A Festus anati maluwa ake amatuluka ngati khungu la biringanya, mawa lake amatuwa, mkuja n'kuyera. Nyengo yake inali ikutha, koma ochepa otsalawo fungo lake linkamveka ndili chapatali. Ndinaganiza kuti fungolo lingamawauze alamu anu kuti afika m'mphepete. Anandichenjeza kuti tizipatso take n'toipa, ndizitithothola tisanakhwime ana a anthu angadye. Anandidulira tinthambi khumi ndi tiwiri n'kutikulunga m'chiguduli chonyowa.

Ndili chotsinzina choncho, mkono uli m'chitsamba, ndinamva chitseko cha galimoto. Dona anabwerera msanga, kaya anaiwala chiyani. Anatipeza. Anafuula m'Chilapalapa, chilankhulo chija azungu amalamulira antchito, kufunsa kuti mkazi ameneyu ndani, akufunanji. A Festus anavula chipewa n'kufotokoza mofatsa. Dona sanamvetsere. Analanda dengu langa n'kulikhuthula pa kapinga. Munagwa chiguduli chija, mpango wanga ndi mbatata ziwiri zootcha za kamba wa panjira. Anafunyulula chiguduli, n'kuona timitengo tokhatokha. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuseka pang'ono, kenaka anandikankhira zinthuzo ndi nsapato kuti nditole ndizipita. Kwa a Festus ananena mawu amodzi okha, akuti akambirana bwana akabwera. Mpaka lero sindinamve chimene chinawachitikira. Mlongo wawo nayenso sanalandire mawu. Ngati bambo ameneyo wachotsedwa ntchito pa ukalamba wake chifukwa cha ine, ndidzayang'ana bwanji amayi aja m'tchalitchi?

Tinthambi tija ndinatizika m'zitini za mkaka n'kuika pakhomo la khitchini. M'mawa uliwonse ndinkathamangira kukationa. Pofika mlungu, tisanu ndi tiwiri tinali titada kuyambira pansi. Ndinakhala pamwala n'kuyamba kulira, osadziwa kuti ndikumveka m'nyumba.

Alamu anu anandiitana n'kufunsa chimene chachitika. Ndinali ndisanawauze za ulendo wa ku Ndola, ndinangoti ndapita kwa odwala. Tsiku limenelo ndinaulula zonse, za mpanda, za nkhadze, za dona. Kenaka anati, "Tabwera nacho kuno chitini chimodzi."

Ndinawapatsa. Anapapasa dothi, analinunkhiza, n'kuzula kanthambiko. Anayendetsa chala pamene panadulidwa, n'kugwedeza chitini kufuna kumva ngati madzi akutuluka pansi.

"Mayi a Gwen, chitini sunachiboole?"

Ndinati ayi.

"Ndiye ukuphika kapena ukubzala? Dothi ili ndi lomata, likufuna mchenga. Masamba onsewa unawasiyiranji? Bweretsa msomali ndi mpeni."

Mpeni ndinachita nawo mantha, achimwene, simungandinene. Koma ndinawapatsa, ine n'kukhala pafupi. Anadzuka pabedi paja, anagwira khoma mpaka pakhomo la khitchini, n'kukhala pansi. Tisanu totsalato anatikonza okha ndi manja, kudula mopendeketsa pansi pa mfundo, kuchotsa masamba apansi, kusakaniza dothi ndi mchenga umene ndinakatapa kumsewu. Ine ndinali nditaiwala kuti asanabwere ku migodi anagwira nanu zaka zitatu kunazale. Manja awo sanaiwale. Pamene ndikulemba pano, tinayi tatulutsa timaso tobiriwira.

Koma tinayi n'tochepa. Anandiuza kuti ndiyeze m'mphepete mwa ngalande kuchokera pakhoma kufika pamango, ndinapeza mapazi akuluakulu khumi ndi limodzi. Anati ngakhale tonse khumi ndi tiwiri tikanagwira, chitsamba cha maluwacho n'chofewa, chingathandize fungo lokha. Anati chomera chimene akuchidziwa chimene chimakhala pansi pa mitengo osadandaula, chopanda minga, cholimba moti munthu atha kuchitsamira, ndiponso chimene ukachidulira chimayala pamwamba ngati tebulo n'kulekeza m'chiuno momwe ofesi ikufunira, ndi tiyi. Ndinawafunsa ngati tiyi angamere kuno. Anati dothi la kuno ndi lofiira ngati la kwathu, mvula ndi yambiri, chilimwe tizidzathirira ndi madzi otsukira mbale opanda sopo. Kenaka anati, lembera achimwene ako.

Pempho langa ndi limeneli tsono. Alamu anu akuti mwezi wa Disembala ndi pamene mumazula mbande za zaka ziwiri kunazale n'kuzidula kukhala zitsa zokabzala kumunda, ndipo pamakhala zina zimene kapitawo amazikana chifukwa muzu wake ndi wokhota. Akupempha zimenezo, zotayidwazo, makumi awiri. Chonde musatenge mobisa. Kapempheni kwa bwana wanu poyera, mufotokoze chifukwa chake. Za a Festus zandikwana, sindifuna kuti inunso muvutike chifukwa cha ife. Akuti mizu yake muiviike m'phala la dothi, mukulunge ndi masamba a nthochi, kunja chiguduli chonyowa. A Absalom anyamuka kuno pa 6 Disembala kubwera kutchuthi, ndipo adzabwerera Khirisimasi ikangopita. Avomera kudzazinyamula ndi kumaziwaza madzi panjira. Adzakupezani okha kunazale.

Chiyambireni nkhani imeneyi alamu anu asintha. Akudya. M'mawa amagwira chingwe chija n'kupita okha pakona pawo. Ayamba kale kukumba mayenje. Anadula kamtengo koyezera mpata wa dzenje ndi dzenje, ndipo amakumba atagwada, ndi chikhasu chachifupi, dzanja lina likupapasa m'mphepete mwa simenti. Ine ndimaima pambuyo pawo nditagwira m'munsi mwa malaya awo mosawadziwitsa. Dzulo anandizindikira, anati ndisiye malaya, iwo si mwana. Afika pa dzenje lachisanu ndi chinayi. Bana Mulenga akutibweretsera manyowa a nkhuku, iwo n'kumawakana, akuti tiyi amafuna masamba owola. Ndiye awiriwo amakangana, wina Chibemba wina Chinyanja, ndipo tsiku lina ndinawamva akuseka koyamba chichokereni m'chipatala.

Ndiyenera kukondwa, koma mantha andichuluka kuposa kale. Zitsazo akuti zimatenga zaka ziwiri kuti zifike m'chiuno, pamene mvula ya chaka chino yayamba kale, ndipo madokotala ndi mu Febuluwale. Ndinawafunsa kuti nanga akadzatichotsa m'nyumba muno, tidzakhala titavutikiranji? Anandiyankha mwaukali kuti za Febuluwale ndisawauze, iwo akudziwa za Disembala. Sindinabwerezenso. Tsiku lililonse amawerenga masiku otsala kuti a Absalom apite ndi kubwera. Munthu amene ankayang'ana kukhoma uja tsopano moyo wake wonse wautsamiritsa pa zitsa makumi awiri zimene sitinazione n'komwe. Bwana wanu akakana, kapena zikaumira m'basi, kapena chiswe chikazidya, sindidziwa kuti ndidzawauza chiyani.

Pali chinanso. Apongozi anga sakudziwa kanthu. Makalata awiri amene analandira ndinalemba ndine, alamu anu akundiuza mawu, ndipo tinanama kuti dzanja lawo linapweteka pang'ono. Akuti mayi awo asamve kufikira madokotala atagamula. Amayi athunso musawauze msanga, mtima wawo mukuudziwa. Gwen yekha ndiye amandidetsa nkhawa. A Absalom ndi munthu wabwino koma pakamwa pawo sipatsekeka, ndipo sindifuna kuti mwanayo adzamve za bambo ake kwa anzake kusukulu. Mukaona kuti nkhani yayamba kuyenda, mumuitane inu nokha, mumukhazike pansi, mumuuze kuti bambo ake ali moyo, akuyenda, ndipo amamutchula tsiku lililonse.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti nsalu ija ndidzawapatsira a Absalom. Moni kwa alamu anga ndi ana onse, kwa amalume a ku Luchenza, kwa azakhali ndi kwa apongozi anga. Gwen mumuuze alimbikire sukulu ndipo azimvera agogo ake. Amayi a Mvano a kwathu atikumbukire m'mapemphero, ngakhale simuwauza chifukwa chake.

Alamu anu akupereka moni. Anandiuza kuti ndiwawerengere kalatayi ndisanaimate, ndipo ndawawerengera moni ndi ndime ya zitsa yokha, zinazo ndalumpha. Anati kalata yaifupi chonchi ndalemba bwanji masana onse. Choncho poyankha mulembe mapepala awiri. Limodzi likhale loti ndiwawerengere mokweza. Linalo mulembe zoona zake, ngati zitsazo zipezeka kapena ayi, ndipo mulipinde palokha.

Ndine mlongo wanu wokukumbukani masiku onse,

Esme Makwinja